Fumbi la Loweruka

Akulu anga amanunkhiza chilichonse. Mukawapatsa mwana wakhanda, amayamba amununkhiza kaye pamutu asanamuone nkhope. Mukawapatsa kalata, nayonso iyambe yadutsa pamphuno. N'chifukwa chake m'misika ya mumzinda muno amawatchula kuti a Mphuno, ndipo iwo amavomera bwinobwino ngati ndi dzina la pa chiphaso. Tinabadwa awiri okha, iwo ndi ine. Luso lonse la kukhitchini anatenga ndi iwo, ine anangondisiyira pakamwa. Ine ndikaphika tiyi, anthu amafunsa ngati ndakwiya nawo.

Sanaphunzire zophikaphika kusukulu, ndipo sanagwirepo ntchito m'hotela. Ndi mayi wapakhomo chabe, amuna awo ndi dalaivala wa basi, ana alipo atatu. Khitchini yawo ndi yoti anthu awiri akalowa, wina azituluka chambuyo. Zenera lake linayang'ana khoma la aneba. Koma pashelefu pali mabotolo a jamu otsukidwa mpaka kuwala, lililonse ndi kapepala kake: binzali, jinja, sinamoni, tsabola wofiira, tsabola wakuda. Ndi munthu waukhondo mpaka kutopetsa. Mpunga amasankha kawiri, ufa amasefa ngakhale wochokera m'paketi, ndipo akapeza kamwala m'nyemba amakayang'ana ngati kawatukwana. Kuphika anadziphunzitsa okha atakwatiwa, pofunsa kwa aneba ndi kumvera pa wailesi. Kwa Amayi sanafune kuphunzirako kanthu, ndipo zimenezi ankazinena monyada.

Amayi anatisiya chaka chatha, nyengo yozizira ikuyamba. Sanadwale nthawi yaitali. Titatha zamaliro tinagwirizana kuti Bambo asakhale okha, asamukire kwa akulu anga, chifukwa mutu wawo unali utayamba kale kutayataya zinthu. Ankafunafuna magalasi ali nawo kumaso, ndipo nthawi zina ankandiitana ndi dzina la mlongo wawo amene anamwalira ine ndisanabadwe. Ndiye tsiku lina awirife tinapita kukalongedza nyumba ya makolo athu.

Kukhitchini kwa Amayi, kuseri kwa mapoto, tinapeza chitini chakale cha mkaka waufa, chadzimbiri m'mbali. Tonse tinkachidziwa. Ndi mmene Amayi ankatapamo kasupuni ka ufa wina wake wofiirira n'kuthira m'nyemba za Loweruka madzulo. Akulu anga anatsegula. Ufa unalimo pafupifupi theka, wosaoneka bwino, wa timaulusi ta thumba ndi timakoko. Ine ndinadikira kuti aununkhize monga mwa nthawi zonse. Sanatero. Anachigwira chitinicho kutali ndi nkhope, anatuluka nacho panja n'kukhuthulira zonse m'ngalande. Kenako anachitsuka ndi sopo kawiri.

"Zauve," anatero. "Amayi nawonso, kumasunga zinthu zoterezi."

Pa moyo wanga wonse, ndi chinthu chokhacho chimene ndinawaona akutaya osanunkhiza. Ndipo chifukwa chake ndinkachidziwa.

Loweruka lililonse m'mawa Amayi ankawiritsa nyemba, kuziphula, n'kumanga mpango wawo wabuluu, ati akukaona msuweni wawo wodwala kutsidya kwa mzinda. Msuweni ameneyu anadwala zaka makumi atatu, osachira, osafa, ndipo ife sitinamuonepo. Pamaliro a Amayi sanabwere, ndipo achibale titawafunsa za iye ankangoyang'anana. Amayi ankabwerako cha m'ma 3 koloko masana, ndipo tinkawamva asanalowe. Ankaima pakhomo n'kuyetsemula katatu: kawiri motsatizana, kachitatu mochedwerapo ngati ayamba aganiza kaye. Zovala zawo, tsitsi, ngakhale zikhadabo, zonse zinkanunkha zokometsera ndiwo, fungo lamphamvu lokanirira, loti likalowa m'nyumba linkagwira makatani ndi mayunifolomu athu omwe. Tikafunsa, ankati msuweniyo amakhala pafupi ndi ogulitsa binzali.

Akulu anga ali ku sekondale, anzawo anayamba kuwatchula kuti Binzali. Akalowa m'kalasi, ena ankakweza mphuno n'kufunsa ngati ndiwo zapsa. Loweruka lina tili pa tebulo, akulu anga anaponya supuni n'kunena kuti, "Amayi, mumanunkha. Musamabwere kusukulu kwathu." Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, koma phokoso la supuniyo ndimalikumbukira mpaka lero. Bambo anaweramitsa mutu m'mbale. Amayi anangoti, "Idyani, zizizira," mawu amene ankanena pa chilichonse, kaya pabuka mkangano, kaya pafika uthenga woipa. Kuyambira sabata imeneyo ankayamba asamba pampopi wapanja asanalowe m'nyumba, ngakhale kuzizire bwanji. Kuyetsemula kokha ndiye kunakana kuchoka ndi madzi.

Bambo atasamukira kwa akulu anga, mwezi woyamba ankadya pang'onopang'ono ngati mlendo. Wachiwiri anayamba kukankha mbale. Wachitatu alamu anga anawaboolera lamba mabowo awiri atsopano ndi msomali. Tinapita nawo kuchipatala, adokotala anawapima paliponse n'kunena kuti m'thupi mulibe chimene chikuwaletsa kudya. "Koma akapitiriza chonchi," anatero, "sindikuona kuti afika nyengo ya mvula. Apatseni chimene amachikonda." Titafika kunyumba tinawafunsa chimene akufuna. Anayankha osayang'ana munthu.

"Nyemba za amayi anu."

Ine ndinayang'ana akulu anga, iwo anayang'ana pansi. Tsiku lomwelo anaphika nyemba, ndi binzali wabwino, anyezi wokazinga mpaka kufiira, tomato wosenda. Zinali nyemba zoti munthu ungayiwale kuti kunja kuno kuli nyama. Bambo analawa ndi nsonga ya supuni.

"Zikomo mwanangu, zakoma," anatero, n'kukankha mbale.

Kwa munthu ngati akulu anga, bola akanangowamenya mbama. Ine ndiye pakamwa panga sipachedwa. Tili kukhitchini ndinawauza kuti, "Asisi, mukanapanda kukhuthula chitini chija, bwenzi akudya mpaka chaka chamawa." Ndimati andikalipira, tikangane monga timachitira, mtima upepuke. Anangopitiriza kupala poto amene anali atayera kale, ndipo ine ndinapita kwathu ndikudzida.

Chitini chija sanachitaye, ankasungiramo zopanira zovala. M'mawa mwake anachikhuthula, n'kupeza kuti m'mphepete mwa chivindikiro, mmene sopo sanafike, munatsalira kafungo. Ndinawapeza atakhala pampando, mphuno ili m'chivindikiro, maso atatseka.

"Binzali alimo," anandiuza. "Jinja alimo, tsabola alimo, adyo wouma alimo. Koma mulinso zina zambiri, iwe, zonse zikulankhula nthawi imodzi. Sindikutha kumva kuti uyu ndani, uyu ndani."

Apa ndi pamene anayambira kuyenda m'misika. Kale ankagula pamsika wapafupi, kwa anthu atatu omwewo amene anapambana mayeso awo a ukhondo. Tsopano ana akangopita kusukulu, ankasiya Bambo ndi aneba, chivindikiro m'chikwama, ulendo. Anayamba ndi msika waukulu wa pafupi ndi depoti, kumene munthu umayenda cham'mbali kuopa mawilibala. Anafika ku msika wa pansi pa mlatho, kumene mbali ino amagulitsa nsomba zouma, mbali inayo matayala akale. Anapezanso kamsika ka kuseri kwa mafulati, kumene amayi ochokera m'mayiko ena amagulitsa njere ndi makungwa zimene ife sitidziwa n'komwe mayina ake. Paliponse ankatulutsa chivindikirocho n'kupempha ogulitsa kuti anunkhize. Ena ankaseka, ena ankaitana anzawo kuti adzaone mayi woyenda ndi chivindikiro. Koma aliyense, akamaliza kununkhiza, ankalumbira kuti chimene chikusowacho ndi chimene iye akugulitsa.

Ndipo anaphunzira zinthu, osanena. Mayi wina wa nsomba anawaonetsa kupala khoko la ndimu n'kuthira m'msuzi m'malo mwa madzi ake. Mayi wa kumafulati, amene ankangomvana naye ndi manja, anawaphunzitsa kukazinga njere zokometsera pachiwaya chouma mpaka ziyambe kudumpha, kenako n'kuzisinja zikadali zotentha. Anabwera ndi bwemba wothira m'nyama, kokonati wa mumpunga, timasamba tonunkhira towaza poto ataphula kale. M'nyumba muja simunadyedwepo bwino choncho chiyambire. Alamu anga ananenepa mpaka chiwongolero chinayamba kuwakhudza pamimba. Ine ndikaweruka kuntchito ndinkadzera komweko, kunamizira kukaona Bambo. Tonse tinkanona, pamene mwini wake wa zonsezi ankauma pakona pa tebulo. Zinkandichititsa manyazi, komabe ndinkaonjezera.

Nyemba zokha anaphika maulendo osawerengeka, lero kuchulutsa jinja, mawa kuchepetsa sinamoni, mkuja kuthira kanjere katsopano. Bambo ankalawa ndi nsonga ya supuni, kuthokoza, kukankha. Ankangomwa tiyi ndi kachidutswa ka buledi, nakonso kochita kuwanyengerera. Kolala ya shati inayamba kuwazungulira khosi patalipatali.

Ndiye panayamba zina. Loweruka lililonse ikamakwana 3 koloko, Bambo ankakoka mpando n'kuyang'ana kukhomo. Chaka sankachidziwa, mwezi sankaudziwa, koma Loweruka thupi lawo linkalidziwa lokha. Ankakhala chete, atatchera khutu, mpaka dzuwa kupendeka. Tsiku lina anandigwira dzanja n'kunong'ona, "Wamva? Ayetsemula kawiri. Kwatsala kamodzi." Ine sindinamve kanthu. Koma ndinapezeka nanenso ndayang'ana kukhomo, ndikudikira kachitatu.

Nawo akulu anga anayamba kuona zinthu. Anandiuza tikutsuka mbale kuti m'msika amaona mpango wabuluu patsogolo pawo, ndi kayendedwe kaja ka Amayi kopendekera kumanzere, chikwama chili m'khwapa. Amautsatira pakati pa anthu, kudutsa a tomato, kudutsa a makala, koma akafika pafupi amapeza ndi mayi wina, kapena palibe aliyense.

"Kuopa sindiopa ayi," anatero. "Chimene chimandipweteka n'choti satembenuka."

Ndinawayang'anitsitsa n'kuona kuti nawonso aonda. Munthu wophikira nyumba yonse anali atasiya kudzigawira.

Amene anamasula nkhaniyi ndi mayi wina wogulitsa jinja ndi adyo pamsika wakale, umene unatsala pang'ono kufa chimangidwireni msika waukulu. Linali Loweruka, ndipo ndinaperekeza akulu anga poopa kuti tsiku lina adzagwa ndi chizungulire pakati pa msewu. Mayiyo ananunkhiza chivindikiro kamodzi kokha n'kuyamba kuseka.

"Amayi, mwakhala mukuzungulira mzinda ndi chimenechi? Palibe angakugulitseni. Izi si zokometsera ayi, ili ndi fumbi."

"Fumbi lanji?" anafunsa akulu anga.

"La m'chigayo, kumene timagayitsa zinthu zathuzi. Pitani kuseri uko, mudutse osoka matumba, mukaona chitseko chachitsulo chobiriwira. Inu simungasochere, mphuno ikakutsogolerani yokha."

Sananame. Tisanaone n'komwe chitseko, fungolo linatichingamira m'kanjira. Linali fungo la makatani a kwathu, la yunifolomu yanga ya Lolemba, la khosi la Amayi akamandinyamula. Akulu anga anaima kaye, dzanja lili pakhoma.

Chigayocho ndi kachipinda kamodzi kamdima, makina awiri, matumba mpaka kudenga. Chilichonse mmenemo n'chachikasu: makoma, mawaya, kalendala, ngakhale mphaka amene anagona pasikelo. Mayi wina wa msinkhu wanga, atamanga kansalu kumphuno, ankathira tsabola m'makina. Pakhomo, pakampando, panakhala bambo wokalamba kwambiri, maso ake atayera ndi ng'ala. Akulu anga atangoponda pakhomopo anayetsemula. Kawiri motsatizana. Kenako kanthawi. Kenako kachitatu.

Mkuluyo anadzutsa mutu.

"Amayi a Loweruka! Mwasowatu. Ndimati mwatitaya."

Ine ndinafuna kuthawa, sindikubisa. Akulu anga ndiye anawerama pafupi naye n'kumuuza kuti iwo si Amayi, ndi mwana wawo, Amayi anamwalira. Mkuluyo anauza mayi uja, amene anali mwana wake, kuti azimitse makina. Anati chigayocho ndi chake, maso ndi amene anamupumitsa ntchito.

"Mayi anu anabwera kuno chaka chimene fakitale ya nsapato inatsekedwa," anatero. Chaka chimenecho tinkachidziwa. Ndi chimene Bambo anachotsedwa ntchito, n'kukhala zaka zitatu akuyenda m'maofesi ndi envulopu ya makalata. "Anaima pomwe mwaimapo, ati abambo, muli ndi kantchito? Ndinati ntchito palibe. Anayang'ana uku ndi uku n'kufunsa, nanga ufa wagwagwawu mumatani nawo? Ndinati timataya. Mukuona, sabata yonse timagaya za anthu osiyanasiyana, uyu binzali, uyu tsabola, uyu jinja, uyu zakwawo zimene sindizidziwa. Chilichonse chimasiya kafumbi kukamwa kwa makina, m'mashelefu, m'matumba. Ndiye anati, ine ndizikuseserani Loweruka lililonse, fumbilo ndizitenga. Ati kunyumba ndi nyemba zokhazokha, ana atopa nazo, bambo awo akudya ataweramitsa mutu."

"Koma Bambo anadzapeza ntchito," ndinatero ine. "Zinali zaka zitatu zokha."

"Ndinawauza zomwezo, mwanangu. Ndinati tsopano muzitenga zabwino, ndizikusankhirani ndekha. Anaseka, ati bambo kunyumba anazolowera zomwezi, zoyerazo sazimva kukoma. Ndiye anapitiriza. Makina awa ankawadziwa kuposa mwana wangayu." Anaseka pang'ono, kenako anatembenuzira nkhope kumene tinaima. "Panali mwana wawo wina ankamunyadira kwambiri. Ati ali ndi mphuno yoopsa, adzakhala katswiri wophika. Koma ati ndi waukhondo, fungo la kuno salikonda. Ndiye pochoka ankavula mpango, kuukung'untha kaye panja apo mpaka manja kuwawa. Ndi uti mwa inu?"

Mphaka uja anatsika pasikelo n'kutuluka.

Akulu anga anali atavala diresi yawo yoyera ya maluwa, chifukwa iwo kumsika amapita ngati akupita ku ukwati. Anaika chikwama pansi, pafumbi pomwepo, n'kufunsa kuti, "Tsache lili kuti?" Mwana wa mkuluyo anakana, ati ayi amayi, ndikupatseni binzali weniweni, izi n'zotaya. Koma mkuluyo anapapasa kuseri kwa mpando wake n'kutulutsa kaburashi kothothoka, chogwirira chake chitasalala ndi manja. Anati tsache ndi la pansi, ndipo za pansi zokha ndiye zotaya. Amayi ankayambira kukamwa kwa makina, kenako mashelefu kuchokera pamwamba, pomaliza kukung'unthira matumba panyuzipepala. Anawalangiza zonsezi ali chikhalire, osaona, osaphonya ngakhale shelefu imodzi.

Ine ndinagwira nyuzipepala. Akulu anga anakwera pakreti, anasesa, anatsokomola, misozi ikutsika n'kumasiya mizere pankhope yachikasu. Kaya inali ya tsabola kaya ya zina, sindinafunse. Chimene chinatuluka chinali kamulu kofiirira, kosaoneka bwino, ka timaulusi ta thumba ndi timakoko. Anatapako ndi chala n'kufikitsa pamphuno, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali.

M'basi anthu anatipatsa malo ambiri. Mtsikana wina anatseka mphuno ndi kolala n'kunong'oneza mnzake, onse n'kuseka. Akulu anga anawayang'ana, ine ndimati lero aona zakuda, koma anangotembenukira pawindo.

Tinafika kunyumba 3 koloko itangopitirira. Pabwalo pawo pali mpopi. Ndinawaona ataima pamenepo, dzanja lili pampopi, kenako anausiya osatsegula. Pakhomo anayetsemulanso, ine ndili kumbuyo kwawo. Kamodzi, kawiri. Kachitatu katamveka, m'nyumba munalira mpando.

Nyemba anali ataziwiritsa m'mawa, monga ankachitira tsiku lililonse miyezi yonseyo. Zovala sanasinthe. Anakazinga anyezi, anathira tomato, anasefa fumbi lija kamodzi kokha, n'kutapa kasupuni. Fungo litadzaza nyumba ana anasiya masewera, alamu anga anatuluka kuchipinda atavala nsapato imodzi. Bambo anali atakhala kale pa tebulo, atasamba m'manja okha osauzidwa.

Analawa ndi nsonga ya supuni monga mwa masiku onse. Kenako anatapa supuni yodzaza. Ina. Inanso. Ankadya mofulumira, msuzi ukutsikira pachibwano, ndipo ine ndinaluma mlomo kuti ndisalire mokweza. Mbale itafika theka anaima, n'kuyang'ana akulu anga amene anali chiimire pambali pawo ndi poto, achikasu kuyambira kutsitsi mpaka kuzala. Anawagwira pamkono.

"Amake ana, khalani pansi. Mwatopa."

Akulu anga anakhala.

"Ine ndimadziwatu kumene mumapita," anatero Bambo. "Msuweni, msuweni. Ndinakutsatirani tsiku lina, chaka chija. Ndinaima kwa osoka matumba, envulopu yanga ili m'manja. Ndinakuonani muli pakreti, mukusesa za anthu. Ndinayenera kulowa, ndikulandeni burashi ija. Koma ndinabwerera. Madzulo ndinadya, ndinakhuta, osanena kanthu. Ndiye mwana uja atakunyozani pa tebulo, ndinangoweramanso. Ndinkati ndinena mawa, ndinena mawa." "Mundikhululukire, amake ana. Mwanayo musamusungire chakukhosi, sankadziwa. Wodziwa ndinali ine."

Alamu anga anatulutsa ana mwakachetechete. Ine ndinayang'ana akulu anga. Ndinaona kuti akufuna kunena kuti Bambo, ndine, mwana uja ndine. Ndinkadziwanso, ndipo nawonso ankadziwa, kuti akangotero mbale ija ikankhidwa ndipo sibwereranso. Anakhala choncho, dzanja la Bambo lili pamkono wawo. Kenako anasendeza mbale pafupi ndi Bambo, n'kulankhula motsitsa, ndi mawu amene sanali awo.

"Idyani, zizizira."

Bambo anausa moyo ngati munthu amene watula katundu. Anamaliza mbale yonse, mpaka kuipukuta ndi buledi.

Mvula inabwera, inawapeza. Lamba uja wabwerera bowo limodzi. Tsopano amadya ndi zina, ngakhale mpunga wa kokonati uja, bola Loweruka likhale ndi nyemba zake. Masiku ena onse akulu anga ndi "mwanangu". Loweruka madzulo ndi amake ana, ndipo kawirikawiri Bambo amaiwala kuti anapepesa kale, amayambiranso: osoka matumba, envulopu, kreti. Akulu anga amamvetsera mpaka kumapeto, n'kuwasendezera mbale, sabata ndi sabata. Ine zimandiwawa kuonerera, chifukwa Bambo ali naye munthu womupepesa, koma akulu anga alibe.

Tsiku lina ndinawafunsa ngati mpango wabuluu uja amauonabe m'msika. Anati eya, amauona. Ndinafunsa ngati unatembenukapo. Anapukusa mutu, n'kuika chitini m'chikwama, chifukwa linali Loweruka ndipo anali atachedwa kale.